Khutu la Bambo ndi Camaro ya Eneya

Easterhouse, Glasgow
9 Marichi 2025

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inuyo ndi onse pakhomo ku Chirimbako. Ife kuno tilipo. Mkazi wanga Matilda yekha ndiye wakhala akutsokomola masabata awiri chifukwa khoma la kuchipinda likungochucha chinyezi, ndipo eni nyumba akuti abwera koma sakubwera. Mdzukulu wanu Ndapile watalika mpaka wandifika m'khutu. Iwe Malita mlongo wanga, poti ndiwe ukuwawerengera Bambo, uwerenge modekha, usadumphe mizere ngati muja unachitira pa Khirisimasi.

Ndatumiza mapaundi 120 pa foni ya Malita. Poyamba mugule mankhwala odontheza m'maso a miyezi itatu. Ndikudziwa adokotala anati masowo sadzaonanso, komabe mankhwalawo amachepetsa kuwawa, musawasiye. Zotsalazo mugule malata awiri a pashedi paja munkakonzera magalimoto, zipangizo zanu zisathe ndi dzimbiri. Bandulo ya pa foni yanu ndagula kale ya mwezi wonse.

Munafunsa za ntchito. Bambo, ndikulakalaka mukanakhala pano kuti mungomva nokha. Marcus, bwana wanga mwini galaja, wagula chilombo cha ku America chotchedwa Mustang Mach 1, chotuwa, masilinda eyiti. Si galimoto yopitira kumsika ayi. Anaipangira msewu wa mpikisano. Matayala ake ndi otambalala, mabuleki aakulu ngati mbale zodyera alendo, ndipo ukailiza mawindo a ofesi amanjenjemera. Amene amaigwira ndine ndekha, anzanga pagalajapo saloledwa ngakhale kutsegula boneti. Sabata yatha ndaiikira kachipangizo kowonjezera koziziritsa oyilo. Pepala la malangizo linati paipi idutse kutsogolo, ine ndinaona kuti kumeneko n'kuzungulira, ndiye ndaidutsitsa njira yanga yachidule.

Kuno kuli kalabu ya anthu openga ndi magalimoto amenewa. Katatu pachaka amabwereka msewu wa mpikisano paphiri lina ku Fife, aliyense n'kumazungulira payekha wotchi ikuwerenga. M'kalabumo muli magulu awiri, a Mustang ndi a Camaro, ndipo kudana kwawo kumaposa kwa masapota a mpira kwathuko. Lamlungu masana amakumana poimika magalimoto kuseri kwa sitolo ina, mvula ikuwavumba, iwo ali pa mkangano. A Camaro amati Mustang ndi phokoso chabe, ikafika pakona imagwedeza matako. Ife timawayankha kuti m'Camaro suona kunja, umachita kusuzumira, chiwongolero chake chili kumanzere ngati malole a ku Congo, ndiponso kampani yake inasiya kuwapanga. Munthu n'kumanyadira galimoto imene eni ake anaisiya! Amuna a imvi zawo, Bambo, kulozana zala chifukwa cha theka la sekondi.

Tsopano za Eneya, poti mu uthenga wanu wa mawu wa Lamlungu lapitali munamutchula katatu, ine kamodzi. Ndinawerenga. Ali bwino, wanenepa, akusunga ndevu. Mu Januwale anachoka kwa Marcus, pano ali pa galaja ya mayi wina dzina lake Vera kufupi ndi Shawlands. Mayi ameneyu ndiye mwini Camaro yofiira imene ikulimbana ndi Mustang yathu, ndipo amayendetsa yekha. Mwana amene munamutenga ali ndi zaka khumi ndi zinayi kuti aphunzire ntchito pashedi panu, amene ine ndinamuitanira kuno n'kumugoneka pa sofa yanga miyezi isanu, lero ndiye akunola mpeni wodzandibaya nawo. Sindikudandaula ayi, ndikungokudziwitsani.

Mpikisano woyamba uli pa 12 Epulo. Mudzamva zabwino.

Ndine mwana wanu,
Goodwill

Easterhouse
13 Epulo 2025

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti malata akhomedwa ndipo mutu wasiya kukuwawani. Chifuwa cha Matilda chachepa. Mwezi uno ndatumiza mapaundi 80 okha chifukwa magetsi ndi gasi zakweranso. Anthu akayamba kukolola mugule matumba anayi a chimanga mitengo isanapenge, muthire mankhwala a anankafumbwe, ndipo Malita asawaunjike pansi penipeni ngati chaka chatha.

Dzulo tinali ku Fife. Ndingonena mosabisa, poti Eneya ndikumudziwa, wakuuzani kale. Atiposa. Vera anazungulira mu masekondi 59 ndi kachidutswa, Marcus mu 60 ndendende. Kusiyana kwake ndi nthawi imene munthu amayetsemula, koma mukanamva chiphokoso cha a Camaro mukanati apambana chisankho. Chizindikiro cha Mustang ndi kavalo, ndiye mkulu wina wamimba, wovala jekete yofiira, anabwera pomwe ndinagwada ndikupima mpweya m'matayala, akuti kavalo wanuyu mupite naye kupaki azikanyamula ana. Ndinaseka nawo, mtima ukupsa.

Zifukwa zilipo. Kunali chimphepo cha kutsogolo pa nthawi yathu, nthawi ya Vera chinali chitaleka. Marcus amaponda mabuleki msanga, amaopa kona yotsetsereka ija. Komanso Marcus amakonda kudya mapayi a nyama, thupi lake ndi la Vera kusiyana kwake ndi thumba la simenti. Koma ndisaname, Camaro ija inkalira bwino. Inkatuluka pakona yomaliza ndi mawu osalala, osatsamwa, mawu a injini imene yadutsa m'manja mwa munthu wodziwa. Zinandidabwitsa, chifukwa Eneya manja ali nawo, koma mukamulanda laputopu ndi munthu wosochera.

Vera atatsika anamukumbatira pamaso pa anthu onse n'kumuveka kepu yofiira. Anthu kujambula, iye mano onse pamtunda. Ine Marcus anangondimenya paphewa n'kupita kukagula payi ina.

Matendawa afika mpaka kutchalitchi. Gulu la WhatsApp la abambo a mpingo, lija tinalitsegulira za maliro ndi misonkhano, lero ladzaza zithunzi za magalimoto. A Percy, mkulu wa mpingo amene ngakhale laisensi alibe, amayendera basi, alemba ndime zitatu kufotokoza chifukwa chake Camaro imagwira msewu kuposa Mustang. Wina wawayankha kuti imagwiradi, koma ukatsikamo umafunika kutsukuluza msana ndi madzi otentha. Mpaka abusa alowererapo kuti abale, gululi ndi la mpingo.

Chondiwawa kwambiri ndi cha m'nyumba mwanga momwe. Ndapile waika Camaro pa foni yake, a ankolo ake Eneya atatsamira boneti. Nditamufunsa anangoti, "Dad, it's just the faster car," osandiyang'ana n'komwe. Mwana amene amadya za Mustang!

Pali kanthu kena kakang'ono. Titabwerako, ndikuitsitsa Mustang pa thirela, ndinamva kaphokoso pansi pa injini, ka apo ndi apo, kamangomveka ikatentha. Ndalumikiza kompyuta, ikuti zonse zili bwino. Mwina ndi ekizozi. Zisiyeni, si nkhani.

Ndine mwana wanu,
Goodwill

Easterhouse
18 Meyi 2025

Bambo,

Moni. Tili bwino. Ndalama ya mwezi uno yafika kale kwa Malita, mapaundi 100, akudziwa zogula. Za moni ndilekere pomwepa.

Lero titatuluka m'tchalitchi tinali kumwa tiyi mu holo monga mwa masiku onse. A Percy anayambitsa za magalimoto, n'kumufunsa Eneya kuti chinsinsi chake n'chiyani. Eneya, mandasi ali m'kamwa, anati, "Chinsinsi changa chili ku Chirimba, akuluakulu. Tamverani izi." Anatulutsa foni n'kukweza voliyumu.

Bambo, anali mawu anu. Mu holo ya tchalitchi ku Glasgow, pakati pa makapu a tiyi, mawu anu akuti, "Mwana wanga, tajambulanso uli chakumanzere, injini itatentha. Ikuba mpweya penapake. Tayang'ana kapaipi kakang'ono kuseriko, kang'ambika." Anthu anawomba m'manja. Eneya akuti Loweruka lililonse amajambula kulira kwa Camaro n'kukutumizirani, inu n'kumamvera muli pashedi, foni mutaigunditsa kukhutu, n'kumuuza pogwira. Kuyambira Januwale! A Percy ananditembenukira akuti, "Aa, a Goodwill, ndiye kuti madala anu ndi a Camaro?" Holo yonse kufa nako kuseka. Ndinasiya tiyi wanga pawindo n'kukamudikira Matilda pa siteji ya basi.

Ndiye kuti ku Fife kuja sanandipose Eneya, sanandipose Vera. Munandiposa ndinu, pa foni imene ndinakugulirani ine, ndi bandulo imene ndimagula ine. Kuwonjezera apo, "mwana wanga". Ndili ndi nsanje, Bambo, sindibisa, ndipo sinayambe lero.

Mukuikumbukira sikuludiraiva yanu yaitali ya chigwiriro cha mtengo, ija munkagunditsa nsonga pa injini, chigwiriro kukhutu? Eneya munkakhala naye mpaka dzuwa kupendeka, mutamugwirira kukhutu. "Wamva? Tamveranso. Wamva?" Ine munandiika kamodzi kokha, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, pa Bedford yonyamula mchenga ija. Ndinati valavu ya silinda yachitatu ikugogoda. Simunati eya, simunati ayi. Munangoilanda n'kundituma sipanala. Kuchokera tsiku limenelo simunandiikenso. Ndinakula ndikudziwa kuti ndinalakwitsa, ndipo mwana wa eni ake atabwera ndinaona ndi maso anga mmene mumaphunzitsira munthu amene mwamukonda. Ndinkasuka maboti m'beseni la parafini ndikukuyang'anani awirinu, ndipo palibe tsiku limene munatembenuka.

Malita, tamvera bwino. Kuyambira mawa foni ya Bambo uzisunga iwe. Bandulo yake sindigulanso. Ndikafuna kulankhula nawo ndiziimba pa yako Lamlungu. Eneya akatumiza zojambula zake pa foni yako usawaikire, ukatero ndidziwa ndithu. Akafuna khutu akagule lake.

Ndine mwana wanu wobereka nokha,
Goodwill

Easterhouse
22 Juni 2025

Okondedwa Bambo,

Moni kwa nonse. Kuno dzuwa lafika, likulowa mochedwa moti kukanakhala nkhuku zikanasokonezeka. Matilda ali bwino, wapeza ntchito ina yosamalira okalamba ku Sighthill, mapazi okha ndiye akutupa. Kwanuko ndikudziwa kukuzizira, ndiye pa mapaundi 110 ndatumizawa mugulepo bulangete lochindikala ndi juzi yabwino, osati zija za pakaunjika zong'ambika m'khwapa.

Tawaposa! Dzulo ku Fife Marcus wachita 59 ndi theka, Vera watsalira ndi kachidutswa. Camaro inkatsamwa potuluka pakona iliyonse, Eneya ali pa laputopu thukuta lili kamukamu, kompyuta ikumuuza kuti zonse zili bwino. Anatsegula boneti, kutseka, kutsegulanso. Ndinamuona akutulutsa foni, kuiyang'ana, n'kuibwezera m'thumba. Mkulu wa jekete yofiira uja ndinamufunafuna kuti ndimufunse za kavalo, anali atabisala m'galimoto mwake akuti kukuzizira.

A Mustang ananditcha dokotala, wina anandigulira payi, wina anandipatsa kepu yakuda. Tsopano mkangano wasintha. A Camaro akuti tsiku limodzi silinena kanthu, tiyang'ane nthawi zimene magalimotowa anachita ku America ndi ku Germany. Ife tikuti ku Germany kulibe mvula ya ku Fife. A Percy alemba pa gulu kuti iwo ankadziwa kale kuti Mustang ndiye galimoto. Ndapile wachotsa Camaro pa foni, koma waikapo mphaka.

Tili chimodzi kwa chimodzi. Womaliza uli pa 23 Ogasiti, wopambana atenga chikho. Marcus wandiuza kuti tikachitenga andikweza kukhala folomani, ndipo za mapepala anga okhalira kuno, amene akutha chaka cha mawa, sizidzakhala nkhani. Paja mapepalawo amadalira siginecha yake.

Eneya anandiimbira kufunsa ngati foni yanu yawonongeka, akuti akufuna akugulireni ina. Ndamuuza kuti za kwathu azisiye. Masabata awiri apitawa ndaimba Lamlungu lililonse, Malita akuti mwagona. Masana, Bambo? Akutinso mukumakhala m'shedi kuyambira m'mawa mukungotembenuza sikuludiraiva ija m'manja, chakudya mukungotola pang'ono. Ndawonjezera mapaundi khumi, agule mabatire a wailesi ndi chambiko. N'kuzizira kumeneko, kukatentha mudzakhala bwino.

Kaphokoso kaja kalipobe. Pano kakumveka injini isanatenthe kwenikweni. Ndathira oyilo wolemerako pang'ono, kachepa. Kepu yakuda ija ndaipachika kuseri kwa chitseko, sindikudziwa chifukwa chake sindikuivala.

Ndine mwana wanu,
Goodwill

Easterhouse
27 Julayi 2025

Malita,

Iyi ndi yako, usawawerengere Bambo. Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi ana. Mawu ako a sabata yatha ndawamva, ena anali owawa, koma sindiyankha lero.

Ndakutumizira mapaundi 15 a bandulo, komanso kulira kwa injini kumene ndajambula dzulo masana anzanga ataweruka, masekondi makumi anayi okha. Upite nayo foni kushedi, uzimitse wailesi, ana uwathamangitse, uwagunditse kukhutu lakumanja poti lakumanzere linayamba kufooka. Uwauze kuti zachokera kwa mnzanga wina wa ku Edinburgh dzina lake John, ali ndi galimoto ya kasitomala ikumuzunguza mutu. Usatchule Mustang, usatchule ine. Zimene anene uzijambule osawauza, unditumizire tsiku lomwelo.

Usandifunse zambiri. Kwatsala masabata anayi, ndipo kaphokosoko ndikukamva ndikamadya, ndikukamva ndili m'basi. Marcus sakumva chilichonse. Wagula kale matayala atsopano, waitananso abale ake a ku Ayr kuti adzaonerere.

Chonde mlongo wanga, uchite monga ndanenera.

Goodwill

Easterhouse
3 Ogasiti 2025

Okondedwa Bambo,

Moni. Kuno tonse tili bwino, mvula yabwereranso. Uthenga umene Malita anajambula ndaumvera kakhumi ndi kamodzi. Ndiulemba pano kuti mudziwe kuti palibe liwu limene landiphonya.

Munati, "Malita, zimitsa. John wa ku Edinburgh wake uti? Uyu ndi Goodwill. Kuponda moto kawiri mofupikitsa, kachitatu kukoka, kenako kusiya mwadzidzidzi ngati wapsa phazi. Amaponda choncho chiyambire. Umuuze kuti mabering'i apansi pa injini akudyeka, oyilo sakufika bwino, galimotoyo isapite ku mpikisano. Koma akudziwa kale. Anakamva mu Epulo, iwe wemwe unandiwerengera, ndipo ndakhala ndikudikira kuti atumize."

Kenako Malita, amene sindinamutume zimenezo, anakufunsani kuti nanga bwanji mumathandiza Eneya yekha. Munati, "Eneya alibe khutu. Manja ali nawo abwino, koma khutu ndinalimbana nalo zaka zisanu, osatheka. Uyu ndinamuika sikuludiraiva kamodzi pa Bedford, anatchula valavu imene ine ndinaisaka theka la tsiku. Ndikanamuphunzitsanso chiyani? Koma wandikhazika m'shedi muno miyezi iwiri ngati tayala lakuphwa."

Bambo, zaka makumi atatu ndi chimodzi! "Wakhoza" ndi liwu limodzi lokha. Mukanalinena kenako n'kundituma sipanalayo, ndikanathamanga. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikumuchitira nsanje munthu chifukwa cha kugontha kwake. Ndakwiya nanu, ndipo nthawi yomweyo ndikungomwetulira ndekha m'basi, anthu akundiyang'ana.

Za tayala lakuphwa zija mwanena zoona. Ndachita manyazi. Maso anakulandani matenda, ntchito imene inakutsalirani ndinakulandani ine. Malita akubwezerani foni lero lomwe, bandulo ndagula ya miyezi itatu.

Chimene simukudziwa ndi chifukwa chake oyilo sakufika. Lachinayi ndinakwawira pansi ndi tochi. Paipi ija ndinaidutsitsa njira yanga yachidule yapindika kuseri kwa chitsulo, yafinyika. Si amene anapanga galimoto, si Marcus, ndine. Ndikamuuza Marcus za mabering'i andifunsa chinawadya n'chiyani, ndipo ndiyenera kumuonetsa. Ndikangowongola paipiyo n'kukhala chete, mwina injini ipirira maulendo asanu ozungulira msewu pa 23 paja, chikho n'kubwera. Mwinanso iphulika Marcus akulowa pakona yotsetsereka ija, oyilo n'kukhuthukira pa matayala. Munthu ameneyu ali ndi ana awiri, komanso ndi amene ali ndi siginecha ija. Matilda sindinamuuze.

Mundipempherere.

Ndine mwana wanu,
Goodwill

Easterhouse
24 Ogasiti 2025

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti mwayambanso kudya bwino, ndiponso kuti anyamata a kabaza wa njinga zamoto ayamba kuima pashedi kuti muwamverere injini. Malita, asamangochoka ndi zikomo, azisiyako ngakhale shuga. Kuno tili bwino. Matilda ndinamuuza zonse, anandikalipira masiku awiri, lachitatu anandiphikira mpunga wa nyemba.

Marcus ndinamuuza Lolemba, tsiku lotsatira nditakulemberani. Anafiira mpaka m'makutu, ndipo mawu amene ananena sindingawalembe poti wowerengayu ndi wa Mvano. Anaumirira kuti kompyuta ikuti zonse zili bwino. Ndinakhetsera oyilo m'beseni loyera n'kutuluka nalo panja powala, tizitsulo tili nyezinyezi m'menemo. Anayang'ana nthawi yaitali n'kundifunsa kuti ndinadziwa bwanji. Ndinati ndinamva, ndipo bambo anga ku Malawi anamvanso pa foni. Kenako ndinamuonetsa paipi ija. Sanandichotse ntchito. Za ufolomani sakutchulanso, za mapepala akuti tidzakambirana injini ikadzalira. Mwezi wa mawa nditumiza zochepa, mupirire.

Dzulo Mustang inatsala pa majeki. Ku Fife ndinapitabe, chifukwa Marcus anati ndikaone ndi maso anga chimene ndamutayitsa. Vera anatenga chikho, Camaro ikulira mosalala ngati mu Epulo, ndipo amene anaimverera ndikumudziwa. A Camaro anabweretsa kavalo wachidole atamumanga bandeji mwendo, n'kumuika pamalo pomwe timaimika yathu. A Mustang akuti chikho chopanda Mach 1 si chikho, a Camaro akuti tinathawa, ndipo mkanganowu ufika Khirisimasi. A Percy abwerera ku Camaro. Zinandiwawa, ndisaname, ndipo kepu yofiira ija ikundinyansabe.

Loweruka lapitalo Eneya anatulukira pagalaja osaitanidwa, atavala ovolosi, akuti wabwera kudzandithandiza kutsitsa injini. Tisanayambe ndinamuikira zojambula zija, zomwezo munamvera inu. Anamvera katatu atatsinzina, n'kuti, "Achimwene, ine ndikungomva kukoma." Ndinaseka mpaka kukhala pa tayala. Kenako akuti, "Inu simudziwa. Madala akandiuza vuto, amamaliza ndi mawu amodzimodzi, akuti ukanangomufunsa Goodwill ali pafupiyo. Mbali imeneyo kutchalitchi kuja sindinaike." Ndinamufunsa chifukwa chake. Anayang'ana pansi n'kuti, "Nanenso ndine munthu, akulu." Injini tinaitsitsa awiri, ndipo ndivomere, manja ali nawo mwanayu.

Mabering'i atsopano afika Lachitatu, paipi ndaidutsitsa mmene linanenera pepala. Ikadzalira koyamba ndidzajambula. Kuyambira pano Loweruka lililonse ndizikutumizirani injini imodzi ya pagalaja pathu, kaya ya takisi, kaya ya vani yonyamula buledi. Eneya nayenso azitumiza zake, muzimumverera, munthu wogontha sitingamutaye. Koma iwe Malita, zikafika zonse ziwiri, yanga iyambe, ya Eneya idikire.

Ndipo Bambo, mukadzamvera Mustang n'kupeza kuti ilibe vuto, musadzangokhala chete n'kupempha tiyi. Mudzanene ndi pakamwa kuti ilibe vuto, Malita adzajambule.

Ndine mwana wanu,
Goodwill